Ba Saida ndi Nambala ya Kutsogolo

M'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, ba Saida amatsegula laputopu n'kulemba deti pa dzina la chikalata chao: chaka poyamba, kenako mwezi, tsiku pomaliza. Cha dzulo sachifufuta. Ndi alamu anga, alongo ao a amuna anga, ndipo tikhala nyumba imodzi ku Kabwata. Ine ndimangoona, ndikuyamwitsa mwana wanga Mwape.

Ankagwila nchito pa kampani ina ku Woodlands. Ankalemba chikalata cha malamulo amene opanga mawebusaiti a masitolo a mankhwala amatsatila, kuti mawebusaitiwo azimvana. Chikalatacho chinali ndi manambala: 1.0, 1.1, 1.2.

Tsiku lina ndinalimba mtima. "Nanga kadontho ka pakati aka n'kachiyani?"

"Mulamu, ukangopinda dilesi m'munsi, ikali dilesi yomweyo. Apo timasintha nambala ya kumbuyo. Koma ukaidula n'kusoka siketi, uwauze anthu. Apo timasintha ya kutsogolo."

Chaka chatha malamulo anasintha kwambili, moti webusaiti yotsatila 1.2 sikanamvananso ndi zatsopano. Ba Saida analemba 2.0. Bwana wao, ba Cliff, ankafuna 1.3 kuti makasitomala asachite mantha. Anaimba foni Loweluka masana, ine ndikuchapa matewela pafupi, ndipo ndinamva zonse.

"Ba Saida, ni nambala chabe. Muzafela kadontho?"

"Ba bwana, munthu akaona 1.3 azaganiza ni vinthu ving'ono, sazayesa na kuyesa. Mawa munthu wa sitolo ku Chelstone azasakila mankhwala pa kompyuta, palibe."

"Kontilakiti yanu isila mwezi uno. Mwaiwala?"

"Sininaiwale. Lembani 1.3, koma dzina langa muchotsepo."

Ba Saida anadula foni. Anandilanda thewela n'kuyamba kulifinya okha, mpaka ndinati, "Mung'amba, mulamu." Anaseka pang'ono.

Makasitomala ankadziwa dzina la ba Saida pa chikalatacho kuyambila pa 1.0, ndipo ba Cliff sanafune mafunso. Chinatuluka chili 2.0, dzina la ba Saida lili m'munsi mwa mutu. Anandionetsa pa foni, ine ndinaliwelenga mokweza ngakhale ndimachita manyazi kuwelenga pamaso pa anthu. Koma kontilakiti sanawapatsenso.

Tsiku lomaliza ndinapita nao kukanyamula katundu, Mwape ali kumsana. Ndinkaopa kuponda kapeti ya mu ofesi. Koma nditaona anzao akuimilila kuwapatsa moni, ndinawongola khosi. Ndani sakanatelo? Ndi alamu anga amenewo.

Pa khomo anabwelela kwa Cheryl, amene anatenga mpando wao.

"Mwaiwala chinthu, ba Saida?"

"Iyayi. Nipempha chabe chimodzi. Ija 1.2 muisiye pa adilesi yake ya pa intaneti. Musaisinthe, musaifufute. Kuli ena akali kuiseŵenzetsa."