Ndinagawa Mawu a Anachisale pa Chimbale

Ndine mphunzitsi wa sukulu ya kwacha, ndipo ndinathamangitsa wophunzira wanga ndekha. Sindinawakalipire, sindinawanyoze. Ndinangotenga mawu awo n'kuwaika pa chimbale, uku ndikudziona ngati wanzeru kuposa aliyense mu Pretoria. Inu owerenga, makamaka inu ophunzitsa akuluakulu, ndimvetsereni, chifukwa zimene ndinachitazi mukhoza kuzichita mawa, ndi mtima wabwino womwewo.

Kumudzi ndinali mphunzitsi wa pulayimale. Ku Joni ndinasanduka wa m'galadeni, kutchetcha kapinga ndi kusadza mitengo ku Capital Park. Koma uphunzitsi suchoka m'magazi. Nditatopa kuona akwathu akudinda chala pa mapepala osadziwa zolembedwamo, ndinapempha galaji ina ku Gezina n'kuyamba kuphunzitsa Lachinayi masana, tsiku limene ogwira ntchito za m'nyumba ambiri amapuma.

Tinalipo aphunzitsi asanu ochita zimenezi, aliyense kudera lake. Vuto lathu linali limodzi: mabuku a Chichewa ku Joni mungawapeze kuti? Mwayi unandigwera pamene bwana wanga anandipatsa kompyuta yakale, yolira ngati chigayo. Ndinailimbikira mpaka inandimvera. Kuyambira pamenepo tinkakumana Loweruka loyamba la mwezi, aliyense atanyamula zimene wakonza, ine n'kuzitayipa, kuzikopera pa zimbale n'kugawa. Che Adamu a ku Mangochi, ophunzitsa amalonda, anabweretsa phunziro la kuwerenga zikwangwani za mataxi. A Banda a ku Ga-Rankuwa anabweretsa la kulemba fomu ya kuchipatala. Zinkayenda bwino, ndipo kunena zoona mapewa anga anakwera. Anzanga ankanditchula Bwana Kompyuta, ine n'kumakana pakamwa, mumtima ndikuvomera.

M'kalasi mwanga munali Anachisale, mayi wachikulire wa ku Ntcheu, mtsogoleri wa amayi pa mpingo wina wa Amalawi ku Ga-Rankuwa. Nyimbo zonse ankazidziwa pamtima, mavesi chimodzimodzi. Akaima kutsogolo ankatsegula Baibulo, kuloza ndi chala, n'kulakatula vesi lonse osaphonya, moti panalibe amene ankadziwa kuti sadziwa kuwerenga. Chimene ankafuna chinali chimodzi. Mwana wawo wamkazi kumudzi ankawalembera makalata, ndipo iwo anatopa kupereka makalatawo kwa anthu kuti awawerengere, zinsinsi za mwana wawo n'kumayenda m'makomo.

Tsiku loyamba anandiitanira pambali n'kunena kuti, "Aphunzitsi, zimenezi zithere m'galaji muno." Ndinavomera msanga. Koma sindinadzifunse chifukwa chimene munthu wa ku Ga-Rankuwa, kumene kalasi ya a Banda ili pafupi, ankakwerera mataxi awiri kudzaphunzira ku Gezina. Yankho linali poyera, ine maso ali pa kompyuta.

Patapita miyezi ndinapeza kamaikolofoni. Ndinayamba kujambula mawu a ophunzira akamawerenga, kuti aliyense azidzimva yekha mmene akusinthira. Anachisale analola. Tsiku limenelo anawerenga ndime yaifupi, akukakamira pa mawu aliwonse, kubwerera, kudziseka. Pena anaima n'kunena kuti, "Eish, Ambuye ndithandizeni, chilembo ichi chikundikana." Kenako anachigonjetsa n'kumaliza ndime yonse. Ndinasangalala mpaka misozi inalengeza.

Kusangalala komweko n'kumene kunandipusitsa. Ndinaganiza kuti aphunzitsi anzanga ayenera kumva zimenezi, aphunzire kudikira wophunzira osamulanda mawu m'kamwa. Ndinachotsa dzina la Anachisale, n'kulemba kuti "Wophunzira Woyamba", ndipo ndinadziyamikira kuti ndasunga chinsinsi. Inu owerenga, mawu a munthu amene amayambitsa nyimbo Lamulungu lililonse safuna dzina. Sindinawapemphe eni ake. Sindinawauzenso anzanga kuti izi n'za makutu a aphunzitsi okha. Ndinangogawa zimbale monga mwa masiku onse.

A Banda sanalakwe kanthu. Anaona phunziro labwino, n'kuliyatsa m'kalasi mwawo kuti ophunzira alimbe mtima. M'kalasimo munali amayi atatu a mpingo wa Anachisale. Mawu asanathe n'komwe, anayang'anizana. Lamulungu lotsatira Anachisale ataima kutsogolo n'kutsegula Baibulo, wina kumbuyo ananong'ona kuti chilembo chikuwakana, mzere wonse n'kuyamba kubisa nkhope m'mipango.

Lachinayi mpando wawo unali wopanda munthu. Lachinayi linalo chimodzimodzi. A Banda ndi amene anandiimbira foni, mawu ali pansi, kundifotokozera zonse. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo ndinadzikwiyira koopsa.

Ndinapita kunyumba imene Anachisale ankagwirako ntchito. Anatuluka atavala epuloni, n'kuima mkati mwa geti osatsegula. Ndinapepesa, mawu akuthamangitsana. Iwo anandimvetsera mpaka ndinatha, kenako anafunsa modekha kuti, "Kodi ndinakuuzani chiyani tsiku loyamba lija?" Ndinangolonjeza kuti nditolera zimbale zonse, ngakhale zitandiyendetsa wapansi.

Ndipo ndinayendadi. Ndinafika kwa mphunzitsi aliyense, kulanda chimbale, kuchithyola pamaso pake, kutsegula kompyuta imene ankabwereka n'kufufuta. Apa m'pamene ndinaphunzira chimene Bwana Kompyuta sankachidziwa. Buku ukabwereketsa limakhala limodzi, ukalilanda nkhani yatha. Izi zimaswana. Che Adamu anali atakopera kale pa fulashi n'kupatsa mnzawo wa ku Johannesburg, mnzawoyo n'kupatsanso wina. Ndinatsata mzerewo masabata angapo, kuimba mafoni, kukwera sitima, mpaka ndinafika pa munthu amene sanakumbukenso kuti iye anapatsa ndani.

Ndinabwerera pa geti paja nditanyamula zidutswa za zimbale m'jumbo, ngati mwana wosonyeza kuti wasesa. Anachisale anasuzumira m'jumbomo n'kupukusa mutu.

"Zimbale mwathyola, aphunzitsi. Nanga makutu a anthu muthyolanso?"

Utsogoleri wa amayi anausiya okha. Kukalasi sanabwerenso.

Anzanga ena anati tingosiya kugawanako, aliyense azidziphunzitsira zake. Ndinakana kwamtuwagalu, ndipo ndikukanabe. Kugawana sikunalakwe, ndinalakwa ndine. Tikasiya, ophunzira a Che Adamu asowa phunziro la fomu, a ku Ga-Rankuwa asowa la zikwangwani, ndiye kuti kupusa kwa munthu mmodzi kwalanga anthu onse. M'malo mwake tinapangana. Mawu, chithunzi kapena zolemba za wophunzira sizituluka m'kalasi mwini wake asanamve yekha zimene zatengedwazo, n'kuuzidwa kumene zikupita, n'kuvomera tsiku lina, osati pomwepo mphunzitsi atamuimirira pamutu. Tikafuna chitsanzo cha munthu wokakamira powerenga, timadzijambula tokha. Ine ndiye ndimachita bwino gawo limeneli, mwina chifukwa mawu aja sanachoke m'mutu mwanga.

Patatha zaka ziwiri ndinakumana ndi Anachisale pa renki ya mataxi m'tauni. Ndinkayesa andilambalala, koma anandipatsa moni, kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa envelopu. Anaitsegula, n'kuika chala pa mzere woyamba. "O-ko-nde-dwa a-ma-yi," anawerenga pang'onopang'ono. Chala chinatsikira pa mzere wachiwiri n'kuima. Anandipatsira kalatayo osandiyang'ana. "Kwinaku mundiwerengere. Inu zanga mumazidziwa kale."

Ndinawerenga kalata ya mwana wawo. Mayi amene anatsala miyezi yochepa kuti azidziwerengera yekha anali kuperekabe zinsinsi za mwana wake m'manja mwa munthu wina, ndipo munthuyo anali yemwe anamudula mwendo. Nditamaliza ndinawapempha kuti ndizipita kukawaphunzitsa okha, popanda kompyuta, popanda aliyense woona. Anapinda kalata n'kuti aganiza kaye.

Inu owerenga, gawanani zophunzitsira, musaumire. Pepala limene mwakonza, nyimbo ya zilembo, chilichonse chochokera m'mutu mwanu, patsani mnzanu ndi manja awiri. Koma chochokera m'kamwa mwa wophunzira si chanu. Munthu wamkulu akakhala pa benchi n'kuyamba kutchula a, e, i, wavula ulemu wake n'kukusungitsani. Musanadine batani lotumiza, dzifunseni ngati mwini wake akudziwa, ndipo ngati wakwera mataxi awiri kudzaphunzira kutali, dzifunseninso chimene akuthawa.

Ine Lachinayi lililonse ndikatseka galaji ndimadutsa pa geti paja, poti masiku ano sapumanso Lachinayi, buku lawo lili m'chikwama, pepala likadali lopindidwa pamene tinalekezera. Ndimagogoda, kupereka moni, n'kufunsa ngati aganiza. Mpaka lero akuti sanathe kuganiza. Lachinayi likubwerali ndipitanso.