Zimene mwana wanga anachita pa maliro a ku Nathenje

Shopu imene ndimagwirako ntchito pa Mitundu inagundana khoma ndi vidiyo sho. Ife timagulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a mbozi. Sipika yawo anaipachika panja, kotero tsiku lonse ndimamva mafilimu amene sindikuwaona: mfuti, kukuwa, ndi mawu a mkulu womasulira m'Chichewa uja, amene amalankhulira aliyense, mwamuna, mkazi, ngakhale galu. Ndili ndi setifiketi ya kaleredwe ka ana aang'ono, ndinakaitenga ku koleji m'tauni, ngakhale ntchito yake sindinaipeze. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti zimene ndikunenazi sindinazichite chifukwa cha umbuli.

Mwezi wina wotentha, mvula isanagwe, anabweretsa filimu ya akufa oyenda. Ndinaidziwira ku kuseka. Mafilimu a nkhondo anthu amaonera mwakachetechete, n'kumangong'ung'udza munthu akagwa. Iyi ayi. Kumamveka chinthu chikuphwanyika ngati dzungu, kenako chinyumba chonse chikhakhali, ena kumenya khoma mpaka mabotolo athu kumalira pa shelefu. Womasulirayo amawatcha ndondocha akufawo. Kasitomala wina atalowa akupukuta misozi ndinamufunsa chimene chikuseketsa, iye anati munthu wadulidwa mutu, koma mutuwo ukupitiriza kudandaula uli pansi. Ndinamuuza kuti anthu akuluakulu kumaseka magazi ndiye kuti mitima inauma. Madzulo ake omwewo ndinakaiikitsa mu foni kwa bambo amene amaika nyimbo pafupi ndi depoti.

Inali ya wophika wa pa hotela ndi mlonda wamantha, atatsekeredwa m'khitchini pa tsiku la ukwati, oitanidwa onse atasanduka. Panali mkwatibwi wa nsapato imodzi, khosi lopindika, amene amayenda chokoka mwendo, ndipo womasulira anamupatsa kamawu kang'ono kodandaula: ndafa, koma njala yokha sinafe, nyama ili kuti. Ndinaseka mpaka kupweteka nthiti, ndili ndekha m'nyumba ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zitatu.

Bambo ake amayendetsa kabaza wa njinga yamoto, amafika mwana atagona. Masana mwanayo ndinkamusiya kwa aneba athu, mayi wamasiye wa ku Phalombe amene anabwera kuno ndi amuna awo kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, amunawo n'kumwalira, iwo osabwereranso kwawo. Mwana ankawatcha agogo. Ine ndikaweruka ndinkafika miyendo itatupa, mwana n'kundimatirira, ndipo foni ndi imene inkandipatsa mpata wopuma. Tsiku loyamba ndinamutseka m'maso pofika pa magazi. Anachotsa dzanja langa, n'kundiyang'ana ine, ataona kuti ndikuseka nayenso anaseka. Posakhalitsa tinayamba sewero lathu. Iye amagona pamphasa ataumitsa thupi, ine ndimanamizira kulira, iye n'kudzuka pang'onopang'ono, khosi pambali, kundithamangitsa chokoka mwendo mpaka andilume pa mkono. Akatero phala amamaliza lonse. Aneba anandiuzapo kuti mwanayu wayamba kuluma. Ndinawayankha kuti ana a msinkhu umenewu amatero, tinaphunzira ku koleji.

Kenako kunagwa zovuta kwawo kwa bambo a mwana, kumudzi kuseri kwa Nathenje. Mng'ono wawo, mnyamata wamphamvu zake, anadandaula mutu m'mawa, pofika madzulo anali atatisiya ali pa njira ya kuchipatala. Imfa yotere kwathu kuno siipita yokha. Titangofika ndinamva amayi akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe kuti thupi silinaume bwino, kuti m'bokosimo mwina muli mtengo chabe, mwiniwake amutenga akagwire ntchito m'chigayo cha winawake.

Tsiku loika, ife amayi tinakhala pansi kutsogolo kwa nyumba ya siwa. Oimba anali atapuma, kukudikirika abusa. Mwana anatsika pamiyendo panga, ine ndinaganiza kuti akutsatira anzake. Anapita pakati penipeni pa bwalo, pafupi ndi khomo limene munali bokosi, n'kugona chagada, manja ataphatika m'mbali. Mayi wina anati mwanayu tulo tamupeza, mutengeni. Ndisanadzuke, iye anadzuka. Anadzuka momwe ndinamuzolowezera, pang'onopang'ono, khosi lopindika, maso atatembenuza, n'kuyamba kukoka mwendo kulunjika kwa azakhali a malemuyo. Ndipo ndi kamawu kake koyera kaja, anthu onse ali chete, anati:

"Ndafa, koma njala yokha sinafe. Nyama ili kuti?"

Anawaluma pa mkono. Kenako anatembenuka kundiyang'ana, kudikira kuti ndiseke.

Palibe anaseka. Azakhaliwo anakutumula mkono ngati pagwera mbozi. Mayi wina kumbuyo kwanga analavula malovu pansi, wina anakokera mwana wake m'chitenje. Ndinamunyamula n'kuthamangira naye kuseri kwa bafa, ndipo kumeneko ndinamutsina pa ntchafu mwamphamvu, mwana amene anangochita zimene amayi ake ankamuombera m'manja. Analira modabwa, osati mopwetekedwa. Pobwerera ndinapeza apongozi anga, mayi wa malemuyo, akundiyang'ana ali pakhomo la siwa.

Tsiku losesa, anthu atayamba kubalalika, apongozi ndi alamu aakulu, achimwene awo a bambo a mwana, anatiitanira m'nyumba. Alamuwo anayamba ndi kunena kuti mwana salankhula za nyama pa maliro popanda womuphunzitsa, ndipo mwana wotere tikamulekerera mawa adzatimaliza tonse. Anafunsa kuti masana amakhala ndi ndani. Ndinati ndi aneba. Anafunsa ngati amadya komweko, ndinavomera. Anafunsa kwawo kwa anebawo, ngati ali pabanja, ngati ali ndi ana pakhomo. Yankho lililonse limene ndinkapereka linali loona, ndipo lililonse linkawamangirira mayi uja chingwe: wobwera, wamasiye, wokhala yekha. Ndinaona apongozi ndi alamu akuyang'anana. Bambo a mwana anayesa kunena kuti mayiwo ndi opemphera, koma anawauza kuti iwo tsiku lonse amakhala pa msewu, akudziwa chiyani.

Foni inali m'chikwama changa, pamiyendo panga pomwepo. Kungoitulutsa nkhani ikanathera m'nyumba momwemo. Koma pamudzi paja chikwatiwire amanditcha aphunzitsi. Ana akadwala kapena akavuta, apongozi amati kafunseni aphunzitsi, anapita kusukulu ya zimenezi. Ndinayesa kuganiza m'mene ndingayambire, kuti amayi, ine ndi amene ndimamuonetsa mwana anthu akudyana, koma foniyo sindinaitulutse. Anagwirizana zoti adzabwera ku Mitundu kudzaonana nawo mayiwo. Ine ndinangoti chabwino.

Masiku otsatirawo ndinkadziuza kuti aiwala, maliro amatopetsa, thiransipoti ndi yodula. Mwana ndinapitiriza kumusiya kwa aneba, iwo n'kumamulandira ndi manja awiri, osadziwa kanthu. Ndinatsegula foni kangapo kuti ndifufute filimuyo, koma sindinafufute. Ndikanakonda kunena kuti ndinaisunga ngati umboni. Zoona zake n'zakuti ndinkaifunabe.

Anabwera Loweruka m'mawa, apongozi ndi alamu. Atangomwa madzi anati aneba aitanidwe. Aneba anabwera manja ali ndi thovu, anali akuchapa, n'kugwada kupereka moni ndi kupepesa za zovuta zija. Anakhala pansi m'mphepete mwa khonde. Alamu anazungulira kaye, za mvula, za kwawo ku Phalombe, kenako anafunsa kuti mwanayu amamudyetsa chiyani, nanga usiku amapita naye kuti. Ndinaona nkhope ya mayi uja ikusintha pamene anamvetsa. Nyumba zathu ndi za mdadada, zalendi, ndipo mawu a alamu ndi aakulu. Zitseko zinayamba kutseguka. Anyamata amene ankakonza njinga pa mpanda anasiya n'kuyandikira. Alamu anati mwana apita naye kwa mneneri akasanzitsidwe zimene anadyetsedwa, ndipo za mayiwa akakamba ndi eni nyumba, chifukwa munthu wotere sangakhale pakati pa ana.

Aneba anatembenukira kwa ine.

"Amake mwana, inunso mukuti choncho?"

Ndinalowa m'nyumba. Potuluka ndinagwada pamaso pa alamu, n'kuwapatsa foni nditafikitsa pa mkwatibwi uja. Ndinati aone kaye, ndilankhula pambuyo.

Apongozi anasuzumira, ataona wina akung'ambidwa pamimba anatembenuza nkhope, n'kufunsa ngati amenewa ndi anthu enieni, nanga abale awo analola bwanji. Mwana atamva kanyimbo kake anatuluka chothamanga, anakwera pamiyendo pa alamu, ndipo mkwatibwi atatsegula pakamwa ananena naye limodzi mawu aja, osaphonya ngakhale limodzi. Panalibenso chofotokoza. Komabe ndinafotokoza, maso ali pansi: kuti ndinaiikitsa ndekha, kuti timaonera limodzi, kuti kudzuka kuja ndinamuphunzitsa ndine.

Alamu sanaimitse filimuyo. Mwina sankadziwa pozimitsira. Anakhala ataumitsa nkhope, foni ili m'manja, mpaka pamene wophika amamenya mkwatibwi ndi chiwaya, mutu n'kutembenukira kumsana, iye n'kuyamba kuyenda chobwerera m'mbuyo akufunsa amene wazimitsa magetsi. Alamu kaphwete kanawatuluka m'mphuno. Anayesa kukasandutsa chifuwa, koma anyamata aja anali atawazungulira kale, akusuzumira pa mapewa, ndipo anafa nalo phwete. Wina anati womasulirayu ananama, izi si ndondocha, ndondocha imalima ndi kusenza matumba, siidya bwana wake. Mnzake anati dikirani yachiwiri, chifukwa kumapeto wophika uja amabisa bala pa mkono, ndiye kuti nayenso asanduka. Wachitatu anatsutsa, anati mwini vidiyo sho wakhala akulonjeza yachiwiriyo chaka chonse, kulibe, azungu sapanga ina ngati yoyamba sinawapindulire, komanso apanga ndi ndani poti onse anathera pa ukwati paja. Alamu, amene anabwera kudzathamangitsa munthu pakhomo, anafunsa kuti nanga mlonda uja anapulumuka.

Nthawi yonseyi aneba anali pomwe paja, pansi, thovu litauma m'manja.

Apongozi ndi amene anathetsa. Sanakweze mawu. Anati mwana wawo dothi lake silinaume, ndipo anthu akuseka akufa pamaso pawo. Anyamata anabwerera ku njinga zawo mmodzimmodzi. Alamu anandibwezera foni ngati yotentha. Kenako apongozi anandifunsa funso limodzi lokha.

"Tsiku lija m'nyumba muja, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa, amayi."

Sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anadzuka, mayi wamkulu wofedwa, n'kukagwada pa dothi pamaso pa aneba, kuwomba m'manja mofatsa, kupepesa m'malo mwa banja lonse. Alamu nawonso anang'ung'udza zoti satana amalowera paliponse, atikhululukire. Aneba anati zamveka. Anadzuka, anakutumula chitenje, n'kubwerera ku zochapa zawo. Bambo a mwana atamva madzulo anangokhala pa mpando osavula jekete, kenako anafunsa kuti ndikanakhala chete mpaka liti akanapanda kundifunsa mayiwo. Yankho lake sindikulidziwa mpaka lero.

M'mawa mwake ndinagula nkhuku, n'kupita nayo kwa aneba monga mwa mwambo. Anailandira. Anandipatsa mpando, anandimvetsera mpaka kumaliza, ndipo anati sakundisungira mangawa, unali mantha a chitsikana. Ndinapepukidwa, mpaka ndinafunsa ngati Lolemba ndingamubweretse mwana monga kale. Anayang'ana nkhukuyo.

"Ayi, mwanangu. Mawuwa atuluka kale, mdadada wonse wamva. Mawa mwanayu akadzatentha thupi ndi malungo, simudzakhala ndi filimu yoti muwaonetse."

Ndinamulembetsa ku sukulu ya mkombaphala ya pa tchalitchi. Aneba sanasamuke, ndipo palibe anawathamangitsa, koma amayi awiri a mdadada wathu anasiya kutuma ana awo kukapala moto kumeneko, ngakhale filimu ija anaiona ndi maso awo. Mwana wanga sakudziwa chimene chinachitika. M'mawa uliwonse tikamadutsa amathawa m'manja mwanga n'kukaima pakhomo pawo, kuitana agogo, manja atakweza kuti anyamulidwe. Iwo amatuluka, amamufunsa ngati wadzuka bwino, amamuyamikira yunifolomu, amamuuza kuti akamvere aphunzitsi. Zonsezi amalankhula ataima chapatali, manja awo onse awiri ali kumbuyo, mpaka ine ndifike ndimutenge.