Malonje a Gerishon ku Buluwayo

Malemu amuna anga, a Gerishon, anali mwana woyamba wa mayi Yunike a m'mudzi wina kumtunda kwa Matandani. Kuyambira ali mnyamata sankathamangira kuyankhula, koma m'kalasi mutu wawo unkagwira. M'chaka cha 1951 amishoni anawasankha pamodzi ndi mnzawo Laimoni wa ku Magaleta kuti akaphunzire uphunzitsi pasukulu ina ya mpingo wathu ku Rodeshiya, kutchire ndithu kunja kwa mzinda wa Buluwayo. Zimene ndikulembazi ndinazimva kwa eni ake, zina anandiuza ndi a Laimoni.

Ponyamuka, amayi awo anawatuma chinthu chimodzi. Mlongo wawo wa mayi Yunike, a Zefaniya, anapita ku Rodeshiya Gerishon akukwawa, ndipo anatchona. Obwera kumeneko ankati amagwira ntchito ya njanji ku Buluwayo. Chaka cha njala agogo a Gerishon, amayi a mayi Yunike ndi a Zefaniya, anamwalira, ndipo mwana wawo wamwamuna yekhayo sanamve.

"Ukawapeza amalume ako, ukawauze ndi pakamwa pako," anatero mayi Yunike. "Usakatume munthu."

Kamodzi pa teremu lole ya sukulu inkapita kumzinda kukatenga ufa, sopo ndi palafini, ndipo ophunzira amakhalidwe abwino ankaloledwa kukwera nawo. Inkanyamuka Lachisanu masana kuti Sabata liwapeze atafika, n'kubwerera pa Sande dzuwa litapendeka. Lamulo linali lakuti wotsalira lole wathawa sukulu. Anyamata ambiri anali atazemberapo n'kukalowa ntchito m'mahotela, choncho mkulu wa sukulu anali atasiya kumvera zifukwa. Kwa mwana wa ku Nyasalande kuchotsedwa kunatanthauza kubwerera kwawo, popeza chitupa chake chinkamulola kukhala m'dzikomo chifukwa cha sukuluyo basi.

Ulendo wina a Gerishon ndi Laimoni anakwera nawo, ndipo anagona m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi cha kulokeshoni. Pa Sabata, mapemphero atatha, a Gerishon anafunsafunsa kwa anthu akwathu amene ankapemphera pamenepo. Mayi wina anawadziwa a Zefaniya ndipo analoza mzere wa nyumba zawo, koma anati pa Sande amaweruka masana. Choncho m'mawa wa pa Sandepo anyamatawo anayendayenda mumzinda, kusuzumira nsapato m'magalasi a sitolo ndi kuonera sitima pasiteshoni. Anajambulitsanso chithunzi, Laimoni atavala tayi yobwereka kwa wojambulayo. A Gerishon ankangoyang'ana dzuwa.

Anzawo ena atalunjika kumsika kumene lole inkadikira, awiriwa anakhotera kulokeshoni.

"Tikalowa, upereke moni, unene, tituluke," anatero Laimoni. "Wamva? Usakayambe za mbuzi za ku Neno."

Anapeza bambo wa imvi atakhala pakhomo pa kanyumba ka chipinda chimodzi, akuvula nsapato zantchito. A Gerishon ananjuta n'kuwomba m'manja.

"Ndine Gerishon, amalume. Mwana wa a Yunike."

A Zefaniya anatsala ndi nsapato imodzi m'manja. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatulutsa mpando ndi chitini cha palafini kuti alendo akhalepo.

"Wayenda bwanji, mphwanga?"

Kwathu mlendo sayamba ndi chimene wadzera. Amayamba wapereka malonje, ndipo mwini nyumba amafunsa za anthu mmodzimmodzi. Mwana sadumphira wamkulu kukatchula imfa ya munthu amene sanafunsidwe, makamaka wamkuluyo akakhala mwini mbumba. A Gerishon anafotokoza za ulendo ndi za sukulu, mwachidule monga akanathera. A Zefaniya anafunsa za mvula. Anafunsa ngati pa Lisungwi anthu akuwolokabe pansi. Kenaka anayamba anthu, koma anayambira kutali.

"Herbert uja tinkaweta naye ng'ombe?"

"Anatisiya, amalume."

A Zefaniya anawerama. Laimoni anayang'ana mthunzi wa khoma. Pofika unali pa mapazi awo, tsopano unali utafika pakati pa bwalo.

"Nanga Clara, mwana wa amalume anga?"

"Alipo. Anakwatiwa ku Midzemba."

"Ndi yani?"

Laimoni anatsokomola. Anaponda chala cha mnzake. Potsiriza anadzichepetsa n'kunena yekha.

"Pepani bambo, lole yathu ija siyidikira."

"Inde, inde, mukwera," anatero a Zefaniya osamuyang'ana n'komwe. "Nanga a Ezekiele, akulu a mpingo aja?"

Apa a Gerishon anaona kuti nsapato ija amalume awo anali asanayiyikebe pansi. Anazindikira kuti munthuyu akuzungulira dala. Ankaopa dzina limodzi, ndipo ankatha mudzi wonse kuti achedwe kulifika.

A Zefaniya atalowa m'nyumba kukatunga madzi akumwa, Laimoni anamugwira mnzake pakhosi pa malaya.

"Nena, iwe! Kodi ufuna ukakolope m'hotela?"

"Sanafunse."

"Ndinene ine?"

"Si agogo ako."

"Mudzi wanu uli ndi anthu angati, eti? Afunsanso za agalu awa!" Laimoni anaimirira, maso ali piriwiri. "Ndikukayesa kuichedwetsa. Ukangonena, uthamange. Usatsanzike n'komwe."

Anatsala awiri. A Gerishon ankati nthawi imeneyo ankapemphera chamumtima, osati pemphero lalitali, koma kungoti, Ambuye, atsegulireni pakamwa. Hutala iliyonse yolira kumsewu inkamveka ngati ya lole yawo. A Zefaniya anafunsa za mlongo wawo Yunike, za alamu awo, za ana onse mpaka wakhanda. Kenaka mayina anatha. Anamwa madzi. Anapukuta kukamwa.

"Nyumba ija ya pansi pa mkuyu, akufolera ndani masiku ano?"

"Inagwa, amalume."

"Amayi?"

"Anatisiya chaka cha njala chija. Tinawaika pafupi ndi agogo aamuna."

"Ankanditchula?"

"Ankakutchulani."

A Zefaniya analira ngati mwana, mokuwa, akuitana amayi awo ndi dzina la mfunda. Anthu akwathu a mumzeremo anatuluka m'nyumba zawo, amuna kuvula zipewa, amayi kukhala pansi m'mbali mwa khoma monga zikhalira pamaliro. Mwina a Gerishon akanathamanga pamenepo akanayipeza lole. Anadzuka ndithu. Koma amalume awo anawagwira dzanja osadziwa n'komwe kuti agwira munthu, ndipo pagulu lonselo wachibale anali iwo okha. Anakhalanso pansi.

Kumsika kuja Laimoni anachita zimene akanatha. Anayamba wauza dalaivala kuti m'mimba mwamutsegula, nakatsekera m'chimbudzi mpaka anzake anamugogodera. Atatuluka anati chipewa chake chagwera pakati pa matumba a ufa. Mphunzitsi amene ankawayang'anira anamuuza kuti akwere kapena atsale nayenso. Anakwera, nkhope ili kumbuyo mpaka nyumba za mzinda zinabisika.

A Gerishon anafika pasukulu Lolemba masana, gawo lina pangolo ya mlimi, gawo lina pansi. Bokosi lawo anali ataliika kale pakhonde la ofesi, bulangete litapindidwa pamwamba. Mkulu wa sukulu anawamvetsera ali chiimire. Anapepesa za agogo, koma anati uthenga wotere munthu angaunene m'mawu ochepa n'kunyamuka, ndipo akamasula lamulo kwa mmodzi ndiye kuti wamasulira onse. A Gerishon anafuna kufotokoza za malonje, koma m'Chingerezi chimene ankadziwa munalibe ponyamulira nkhaniyo. Anangoti zikomo.

Laimoni anawasenzera bokosilo mpaka kumsewu waukulu, akuwakalipira njira yonse, misozi ili mbwembwembwe.

Uphunzitsi unathera pomwepo. Atabwerera ku Neno a Gerishon analima tirigu ndi kachewere m'mapiri akwawo, naphunzira kupala matabwa. Mabenchi a m'tchalitchi chathu chakale anakhoma ndi iwo. A Zefaniya anabwera chilimwe chotsatira kudzaona manda, nakhala mwezi, n'kubwereranso kunjanji kwawo. Ine ndinadzakwatiwa ndi a Gerishon patapita zaka zingapo, ndipo anatumikira ngati dikoni mpaka pamene anagona. Pa zaka zonse zimene tinakhala limodzi sindinawamvepo akunena kuti tsiku lija anachita bwino, kapena kuti analakwa.

Munda wathu wa kumunsi unachita malire ndi bwalo la sukulu ya pulaimale. Ana akayamba kulakatula matebulo a masamu m'kalasi, a Gerishon ankaleka kulima n'kutsamira mpini wa khasu, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Mwana akaphonya, ankapukusa mutu okha m'mundamo. Ine ndinkapitiriza mzere wanga, osawayankhula, mpaka ana aja atamaliza.