Thumba la Masika la a Francisko

Amuna anga, a Francisko Namakhwa, anabadwira kufupi ndi Magomero, ndipo anthu ankawadziwa ndi msana wawo. Ali mnyamata ankasenza miyala pa Njuli. Kenako anapita ku Joni, kumene anagwira ntchito yosamalira maluwa zaka khumi ndi ziwiri. Tsiku lina anagwa akutchetcha kapinga. Abwana awo anathamangira nawo kuchipatala, ndipo madokotala anapeza kuti mtsempha wina wa mtima watsekeka ndi mafuta. Anaikamo kawaya kopota, kakang'ono ngati sipuling'i ya bolopeni, kopakidwa mankhwala oti mtsemphawo usatsekekenso msanga. Amakatcha sitenti.

Atabwera kumudzi mpingo wonse unasangalala, pakuti tinali titawapempherera miyezi itatu. Lamulungu la masika, pamene aliyense amapita ndi zokolola zake kutchalitchi, iwo anasenza thumba lathunthu la chimanga paphewa, kuchokera pamsewu mpaka kuguwa. Palibe anawatuma, chinali chimwemwe chabe. Amayi analulutira, ena analira. Chaka chotsatira anthu anafunsa ngati asenzenso, ndipo kuyambira pamenepo masika sankayamba a Francisko asanalowe ndi thumba lawo.

Mankhwala ankamwa mokhulupirika. Nyama yonona anasiya, moti a Bilal, mnzawo wa paubwana amene amagulitsa nyama ya mbuzi pa Njuli, ankawaseka akamadutsa.

"Che Francisko! Mtima wachitsulo, chakudya cha mbuzi! Masamba okhaokha. Tsiku lina ndidzakupachikani pano, ndikugulitseni pa kilo."

Chaka chachisanu ndi chiwiri anayamba kuimaima panjira ya kudimba, ngati akuyang'ana mbewu za eni ake. Ine ndinkaona dzanja lili pachifuwa. Mwana wathu Maluwa anawatengera ku Blantyre. Atawayeza, dokotala anajambula mtsempha papepala n'kutionetsa kuti mkati mwa sitenti ija mwaunjikananso mafuta atsopano, ndipo njira ya magazi yatsala yopapatiza.

"Zimachitika, bambo, ngakhale kwa omwa mankhwala bwinobwino," anatero. "Si mlandu wanu. Ndikulemberani kalata yoti mukathandizidwe kunja, koma odikira ndi ambiri. Pakadali pano musanyamule ngakhale ndowa ya madzi."

Kunali kutatsala masabata atatu kuti masika afike. A Francisko anapita kwa a Trevor, mkulu wa mpingo, kalata ili m'thumba la malaya, ine ndikuwatsatira.

"Akulu, chaka chino ndipumeko."

"Aa, bambo Namakhwa, mwasankha chaka cholakwika," anatero a Trevor. "Kukubwera alendo a ku Limbe, mabasi awiri, kudzaona inuyo. Tiwauze chiyani? Kuti Mulungu anachiritsa theka? Pali odwala ambiri amene chikhulupiriro chawo chatsamira pa thumba limeneli. Chaka chino chokha."

Kalata ija sinatuluke m'malaya. Ine ndinali nditakhala pamkeka.

A Bilal atamva nkhaniyi anaika mpeni pansi.

"Zosavuta izi. Thirani mankhusu pansi, chimanga pamwamba. Poyenda muzidzandira pang'ono. Akaliyeza ndani?"

"Achimwene, inu mumabera anthu ndi sikelo yanuyi, ine ndikabere Mulungu?" anatero a Francisko.

"Mulungu akusowa ufa?" anafunsa a Bilal. Ulendo uno sanaseke.

M'mawa wa tsiku la masika, amuna anga akusamba, ndinamasula thumba, n'kutapamo ndowa imodzi, n'kulisokanso mosamala. Pofuna kulikweza panjinga anangoligwira kukamwa ndi dzanja limodzi. Munthu amene wasenza katundu zaka makumi anayi simungamunamize.

"Amake Maluwa, bweretsani ndowa ija."

"Abambo, dokotala paja anati…"

"Ndamva zimene ananena. Koma theka la thumba ndiye kunama pamaso pa anthu. Bweretsani."

Ndinabweretsa, ndipo ndinawagwirira thumbalo iwo akuthira.

Tinakankha njinga mpaka pamsewu wa kutchalitchi. Amuna awiri anawasenzetsa. Kwaya inayamba, alendo anakweza mafoni m'mwamba. Pakati pa tchalitchi a Francisko anaima, thukuta likutsika m'khosi, milomo itatuwa. Anthu anayesa kuti akupemphera, ndiye anakweza nyimbo. Anayambanso kuyenda. Atafika kuguwa anatsitsa thumba pang'onopang'ono, osaligwetsa, chifukwa sankafuna kuti chimanga cha Ambuye chitayike. Kenako anakhala pansi n'kulitsamira. M'manja munaombedwa nthawi yaitali anthu asanazindikire kuti sakudzuka.

Anatsirizika m'galimoto ya a Trevor tisanafike pa Njuli, mutu uli pamiyendo panga.

Pamaliro a Trevor anauza anthu kuti malemu anapita ali ndi mphamvu zawo zonse, ndipo Mulungu anangowaitana ali pantchito yake. Khamu linati ameni. A Bilal, amene anaima kumbuyo pansi pa mtengo wa mango, anatembenuka n'kumapita mwambo usanathe.

Kutchalitchi ndimapitabe, ndipo ndimakhala pamalo anga omwe aja. Mulungu sanandilakwire. Zaka zisanu ndi ziwiri zija ndi Iye anatipatsa, ndipo sanafunepo thumba.

Chaka chino a Trevor anabwera kudzapempha chithunzi cha malemu, kuti achipachike pafupi ndi guwa pa tsiku la masika. Ndinawalandira bwino, ndinawapatsa mpando, kenako ndinalowa m'nyumba n'kuwabweretsera envelopu. Munali kalata ya dokotala ija, pamodzi ndi pepala lojambulapo mtsempha. Anawerenga ataimirira. Sanandibwezere, ndipo sanaipachike.

Chimanga changa ndinapita nacho m'lichero.