Jethro Hamoonga, Msilikali Amene Anabwerera Kukamasula Ng'ombe

Amayi Mwandida a ku Nangongwe sakonda kukamba za nkhondo. Koma mukawafunsa za amuna awo, a Jethro Hamoonga, amayamba aika pansi chimene chili m'manja.

A Jethro anabadwira m'mudzi wa kutsidya kwa mtsinje wa Kafue. Sukulu analekezera panjira bambo awo atamwalira, nayamba ntchito pa famu: kupalira chimanga, kumwetsa ng'ombe, kukama mkaka. Lamulungu ankalawirira wapansi kukasesa m'tchalitchi anthu asanafike. Kuwerenga kunkawavuta, choncho nyimbo ankazisunga pamtima, n'kumaziimba pokama. Anzawo akamawaseka ankangoti, "Ng'ombe nazonso n'za Mulungu, zilekeni zimveko."

Atangokwatira, nkhondo ya ku Rodeshiya inasefukira kuno. Ndeke zinkaphulitsa milatho, ndipo anyamata ambiri analowa usilikali. A Jethro nawonso analembetsa. A Mwandida anali ndi pakati.

"Ba Jethro, imwe mukangiwa kupaya nkhuku, manje mfuti?" anatero akulira, podziwa kuti amuna awo ankalephera ngakhale kupha nkhuku.

"Siniyenda kukapaya munthu, Mwandi. Niyenda kukalonda anthu."

Sanabwerenso. Amene anadzafotokoza zonse anali Titus, msilikali mnzawo. Gulu lawo linkasamutsa anthu a m'mudzi wina wa kumalire, kumene njira zinali ndi mabomba okwirira. Ali pa ulendo, mayi wina wamasiye anayamba kulira kuti ng'ombe zake ziwiri zolimira zatsala zomangidwa m'khola. Ana ake akanadya chiyani popanda izo? A Jethro anapempha chilolezo, nabwerera. Anazimasula, nabwera nazo akuziimbira likhweru. Atatsala pang'ono kuwapeza anzawo, anaponda bomba.

Anawagoneka pamthunzi. Titus anati sanakuwe. Anangofunsa ngati ng'ombe zafika, ndipo atamva kuti zafika anapempha pemphero la Atate Athu. Anatsatira mawu mpaka pakati, kenaka milomo inaleka, nkhope ili phee.

A Mwandida anakwiya ndi Mulungu, osapondanso m'tchalitchi kwa zaka. "Kufera ng'ombe za eni, mwana wako osamuona!" ankatero. Mwana wawo wamwamuna, Mapalo, anamulera ndi malonda a nsomba zouma.

Tsiku lina panafika mtsikana wachilendo, nagwada pakhomo.

"Amayi, ndine Phyllis. Zija ng'ombe zinali za amayi anga. Tinalima nazo, tonse tinakula. Pomwalira ananiuza kuti nikasakile banja la uja msilikali, nikakambe zikomo."

A Mwandida anamudzutsa, namukumbatira, ndipo analira maliro amene anali atawatsekera mumtima. Lamulungu lotsatira analowa naye m'tchalitchi.

Manda a Jethro ali kutali, ambiri a ife sitinawaone. Koma chaka chilichonse mpingo ukamakumbukira omwalira, Phyllis, amene naye wamera imvi tsopano, amatsika minibasi n'kudzakhala pambali pa amayi Mwandida. Ana a Mapalo amamuthamangira akufuula kuti azakhali afika.