Miyezo ya Estere pa chitseko cha a Muhiwa

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali, pabwalo la tchalitchi, misa itangotha. Ndinali ndi mwana kumsana, zikhatho zitauma ndi ganyu wa mizere kwathu ku Kalembo. Azakhali anawagwira mkono a Muhiwa, telala wa pa Ulongwe, nati, "Mwanayu akasoka chigamba ndi manja simungachione. Mutengeni." A Muhiwa anangoti, "Abwere Lolemba."

Shopu yake inali kachipinda kamodzi m'mbali mwa msewu: makina awiri opalasa ndi mapazi, tebulo lodulira, sizasi yaikulu, tepi, choko ndi simbi ya makala. Luso bambowo anali nalo, limenelo sindingawalande. Anandiphunzitsa kukulunga ulusi pa bobini, kuthira mafuta m'makina, kupinda nsalu pawiri ndisanajambule, ndi kusiya inchi imodzi ya msoko. Miyezo ya makasitomala ankailemba ndi choko kuseri kwa chitseko: dzina pamwamba, kenako chifuwa, chiuno, mahipi, kutalika. Ankati kope limasowa, koma chitseko sichipita kulikonse.

Koma benchi ya pakhonde pa shopuyo! Mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandiwira. A Muhiwa anali ndi sola padenga, ndiye Ulongwe yense ankatchajitsa mafoni kwa ife, ulere. Wotchajitsa foni sachoka, amakhala n'kumaidikira. Pofika teni koloko pakhonde padzaza: okangana za mpira, odikira minibasi, a Che Ajibu ogulitsa nandolo amene nandoloyo ankamusiya yekha pamsika. Aliyense wofika ayenera kupatsidwa moni, moniwo ndi wautali, mpaka afunse za mwana, za azakhali, za mvula ya ku Kalembo. Uli pakati pa msoko, wina walowetsa mutu, "Achemwali, yanga ija yadzaza?" Uimitse makina, udzuke, ukaone. Tsiku lina ndinawauza abwana kuti anthuwa akutichedwetsa. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Iyayi, mwana wanga. Shopu yopanda anthu pakhonde ndi manda."

Ndiye kunabwera Estere, mtsikana wa ku mudzi woyandikana ndi kwathu, wathupi lake labwino. Chinkhoswe chake chinali Loweruka. Anabwera ndi leisi yobiriwira, mamita anayi, imene mwamuna wake anaigula kwa abale ake ku Mozambiki. Mtundu umenewo kunalibe pa Ulongwe, ngakhale ku Balaka. Anaitulutsa m'jumbo ndi manja awiri, nati, "Bambo, chonde, ina kulibe." A Muhiwa anamuyeza, nalemba pachitseko, namulonjeza Lachitatu.

Lachitatu linadutsa, Lachinayi linadutsa, leisi ili pa shelefu. Sikuti ntchito inali yambiri ayi. Masiku ankangotha ndi macheza. Lachisanu m'mawa abwana anandiuza kuti, "Dula iwe, ine ndilumikiza masana." Kanali koyamba kundipatsa leisi, ndipo ndinasangalala, wopusa ine.

Ndinayala nsalu, ndinaipinda, ndinatembenuka kuti ndione miyezo. Tsiku limenelo pabenchi panalibe malo, ndiye bambo wina anali atatsegula chitseko mpaka kukhoma n'kuchitsamira. Nditamupempha kuti asunthe, ndinapeza choko chapakika. Chiuno chinkaoneka, kutalika kunkaoneka, koma pa chifuwa panangotsala ufa.

"Abwana, chifuwa cha Estere ndi chingati?"

Anali pakhonde, akutsutsana ndi a Che Ajibu za penate ya dzulo lake. Sanacheuke n'komwe. "Sate sikisi!"

Mumtima ndinakayika. Estere ndinkamudziwa, sate sikisi sinali yake. Ndinati ndifunsenso, koma nthawi yomweyo mayi wina analowa kudzatenga foni, tchaja yake itasokonekera ndi za anzake. Ndinamufunira. Kenako kunalowa asuweni a abwana ndi moni wawo wamtunda. Kenako wamandasi. Pobwerera patebulo kukayika kuja kunali kutandichoka, m'mutu mwangotsala sate sikisi. Ndinajambula ndi choko, sizasi inalowa mu leisi.

Estere anabwera fo koloko ndi mayi ake. Analowa kuseri kwa katani kukayesa. Zipi inakwera pang'ono n'kuima. Ndinakoka, ndinamuuza apume mpweya, ndinakokanso, koma kumsana kunatsala mpata wolowa chikhatho changa chonse. Chifuwa chake chinali fote. Ndinamasula misoko yonse, inchi imene ndinasiya ija sinakwane. Zotsala za leisi zinali tizidutswa, ndipo leisi ukailumikiza chigamba chimaonekera ngakhale uli kutsidya kwa msewu.

A Muhiwa analowa, naona, nati, "Mwana uyu ndi wophunzira, mutikhululukire." Ha! Ine? Ndinayankha pamaso pa anthu onse, "Sate sikisi ananena ndani? Munali pa mpira inu!" Kenako ndinatulukira pakhonde, ndinazula mafoni onse ku sola n'kuwaunjika pabenchi. "Tengani! Kwanu kulibe mipando? Mwationongera nsalu ya mwini!" A Che Ajibu anangoti, "Aa, achemwali, ife tagwira sizasi?"

Mawu amenewo anandipweteka chifukwa anali oona. Sizasi inali m'manja mwanga, ndipo kukayika ndinali nako.

Estere sanakalipe. Anavula diresi lija, nalipinda bwinobwino, naliika m'jumbo momwe linabweramo. Mayi ake ndiwo analankhula, motsitsa, "Apongozi akafunsa nsalu ya mwana wawo, tikanene kuti chiyani?" Mawa lake anavina chinkhoswe chake ndi diresi lobwereka kwa mkulu wake, lofiira, lomufika m'maondo. Ine ntchito inathera Lachisanu lomwelo. Sanandichotse, ndinangotenga mwana wanga n'kukwera kabaza.

Pano ndili ndi shopu yanga pa Nselema. Miyezo ndimalemba m'kope, kasitomala aiwerenge mokweza ndisanamulole kupita. Kudula ndimadula m'mawa, chitseko chotseka, foni yanga ili m'chikwama yozimitsa, mpaka naini koloko. Sizasi ikalowa m'nsalu sindiyankha munthu, kaya ndi ndani. Mlamu wanga anaimapo pawindo akuodira katatu, ine ndinamaliza kaye mkono wa bulauzi. Anakafalitsa kumudzi kuti ndayamba matama, ndipo dzinja lonse sanandilankhule. Anene, ndilibe nazo ntchito. Wokwiya chifukwa cha moni mawa amaseka, koma nsalu ukaidula molakwa yapita basi.

Estere ndimakumana naye ndikapita kwathu. Ali ndi ana atatu tsopano. Amandipatsa moni mwaulemu, amafunsa za mwana wanga, amadziwanso kuti anthu amatama kusoka kwanga. Koma zaka zonsezi sanandibweretserepo nsalu, ngakhale yunifolomu ya mwana wake yong'ambika m'khwapa.