Nsomba Zotchola Ngati Tiyi

Amuna anga anatchola tiyi pa esiteti zaka zambiri, moti zala zawo zinkatchola ngakhale ali m'tulo. Boma litabweretsa ngongole ya maiwe a nsomba kwathu ku Masambanjati, iwo anali oyamba kulembetsa, munthu woti nsomba ankangoidziwa youma pamsika. Chikole anapereka makina anga osokera. Sanandifunse. Ndinadziwira kwa alangizi a za nsomba, atabwera kudzawaona makinawo.

Tinakumba dziwe kudambo, alangizi anathiramo mbewu ya makumba, ife n'kumawaza gaga. Malangizo anali achidule: zikakula mugulitse zikuluzikulu, mubweze ngongole.

Koma mutu wa amuna anga unali wa tiyi. Patiyi umatchola nsonga zanthete, mtengo wake osaukhudza. Makumba atayamba kuswana, sabata iliyonse iwo ankalowa m'madzi ndi dengu, kuvuula tiana tokhatokha, zikuluzikulu n'kuzibwezera mwaulemu. Ankati akupanga raundi, monga amachitira pozungulira munda wa tiyi. Tinsombato ndinkatiyanika n'kukagulitsa pamsewu, koma ndalama yake inkangokwana sopo ndi mchere. Zotsalazo, zitapeza malo, zinanenepa ngati akapitawo.

Nthawi yobweza itakwana alangizi anabwera kawiri. Ulendo wachiwiri sanapite n'kudziwe komwe. Anangokhala pakhonde, maso ali pa makina anga.

"Bambo, tigulitse nsombazi," ndinatero iwo atachoka.

"Amayi, munaonapo ndani akuzula tiyi kuti agulitse? Zijazi ndi mitengo. Ife timatchola zophukira."

"Mitengo yanuyo indidyera makina."

"Mtima pansi, amayi."

Mtima wanga sunapite pansi. Lolemba, atangonyamuka kupita ku esiteti, ndinaitana amayi anzanga atatu. Tinamasula neti yaudzudzu, kumanga zitenje molimba, n'kulowa m'dziwe tikukuwa ndi kuzizira. Pofika masana madengu anali tho. Bambo wina wa lole wa patredingi anagula zonse osanenerera. Ndalamazo ndinakapereka ku ofesi ya ngongole tsiku lomwelo, matope akadali m'miyendo.

Ataweruka, amuna anga anapita kudziwe ndi gaga wawo monga mwa masiku onse. Anawaza, madzi anangoti zii. Patapita nthawi zinatulukira ziwiri zokha, zimene ndinazisiya dala. Ine ndinaima kumbuyo kwawo, mawu a ndewu ndakonza kale. Sanakalipe. Anakhala pansi n'kunena motsitsa kuti, "Ija ya chipsera pamsana inkandidziwa."

Ndinamva chisoni, sindibisa. Bola akanandikalipira. Sabata yomweyo ndinawasokera malaya pa makina omwewo, a kolala yolimba ngati ya akalaliki. Anavala, anathokoza, nkhani ya nsomba osaitchulanso.

Ziwiri zija sitinazigulitse, sitinazidyenso. Zinakalambira m'dziwe momwemo, ndipo wozipititsira gaga m'mawa uliwonse ndinali ine.